Mtengo Umodzi pa Chaka

Kuseri kwa nyumba yathu ku Khuyu kunali mitengo inayi ya kesha. Amayi anaibzala chaka chomwe anakwatiwa, ine ndisanabadwe. Itatu inali pamzere, kuyambira pakhitchini mpaka pampanda wa kunjira. Wachinayi unali pawokha pafupi ndi thanthwe, pamene dothi ndi lochepa, ndipo unkakula mochedwa kuposa inzake. Amayi ankautcha wamanyazi. Akatchula dzinalo ankayang'ana ine.

Munthu wosakhala pachilumba chino sangadziwe kuti mitengo inayi ndi chuma. Milambe ilipo yambiri, koma mlambe suyaka, mkati mwake muli ngati chinkhupule chonyowa. Mitengo ya mango ili ndi eni ake, ndipo palibe amene amadula chomwe chimadyetsa ana ake miyezi ya njala. Nkhuni zenizeni zimachokera kutsidya, ku Mozambique, pa mabwato a thanga. Mwera ukayamba kuwomba, nyanja imakalipa ndipo mabwatowo amatha masiku osawoloka. Pamenepo amayi a m'mudzi amasonkha moto ndi timitengo ta chinangwa, makoko a malambe, ena mpaka mapulasitiki. Ife sitinkafika pamenepo. Kesha wa amayi sankatikwanira chaka chonse, koma miyezi ya mwera ankatiwolotsa.

Lamulo lawo linali limodzi: mtengo umodzi pa chaka. Mvula ikatha ankadula umene wakula kwambiri, nkhuni zake n'kuziimika pakhoma kuti ziume. Chitsa chinkaphukanso, ndipo pomadzafika nthawi yake kachiwiri, patapita zaka zinayi, mphukira zake zinkakhala zitanenepa ngati ntchafu ya munthu. Mitengoyo inali itadulidwa kangapo konse, koma sunafe ndi umodzi womwe.

Ine ndine munthu amene mawu amandikanirira pakhosi. Kusukulu yankho ndimalidziwa, koma aphunzitsi akanditchula dzina, lilime limauma. Ndili wamng'ono, akandituma kugolosale ku Chipyela ndinkalemba zogulazo pakapepala n'kungopereka. Ndili Sitandade 5 ndinayamba kusunga kope lolembamo zimene zachitika tsikulo, ndi zimene ndinalephera kunena. Amayi sanalitsegulepo, koma ankandiseka nalo. Ankanditchula kuti akalaliki.

Tsiku lina lodula mtengo anandipeza nditakhala pathanthwe ndi kope langa.

"Akalaliki, poti m'manja muli kale cholembera, lembani izi. Mwina mawa ine ndidzakhala nditakwatiwa kwina."

"Mukwatiwa ndi ndani inu?" anatero atate, amene ankasoka ukonde pakhonde. Atate ndi msodzi.

"Ndi munthu wodziwa kunola chikwanje."

Amayi anayamba kudula uku akulankhula, ine ndikulemba. Dula pamsinkhu wa bondo, osati pansi. Dula mopendeka kuti madzi a mvula asakhazikike pachitsa. Ukatha, mata dothi lonyowa pabalapo. Moto usayandikire chitsa, ngakhale wa zinyalala, chifukwa moyo wa mtengo uli m'khungwa. Mphukira zikatuluka, siya ziwiri zokha, zinazo thyola.

Pa mawu omalizawo ndinaima. Ndinafunsa motsitsa kuti bwanji osazisiya zonse.

"Zonse zikakhala, palibe imene ikule. Udzakolola timitsatsa totokosera m'mano." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Walemba?"

Ndinalemba. Tsambalo lilipo mpaka lero, ndipo pakona pake pali chidindo cha chala cha amayi, chifukwa anagwirapo ndi dzanja lamatope pofuna kuona ngati sindinasiye mawu ena.

Amayi anayamba kudwala chaka chimene ndinalowa Fomu 1, mvula ili pafupi kutha. Chaka chimenecho woyenera kudulidwa unali mtengo wa pakhitchini. Atate anati audule okha, koma amayi anakana ali pamphasa.

"Inu ayi. Inu mumadula ngati mukulimbana ndi ng'ona. Ndikachira tidula ndi akalaliki."

Sanachire. Anagonekedwa kuchipatala ku Chipyela, ndipo ine ndikaweruka kusukulu ndinkawapititsira chakudya. Ankadya pang'ono n'kumandifunsa za kunyumba, ngati mbuzi za aneba zalowanso m'chinangwa, ngati atate akusintha malaya. Tsiku lina anandifunsa ngati kesha wayamba maluwa. Ndinati inde, achikasu, njuchi zadzaza. Anatseka maso n'kumwetulira.

Anamwalira m'mawa wina wa mwezi wa Juni. Mwera unali utawomba masiku angapo osalekeza, ndipo kugombe kunalibe bwato ndi limodzi lomwe la nkhuni.

Kwathu kuno mayi sabwera pamaliro chimanjamanja. Amanyamula nkhuni, ngakhale ziwiri zokha, n'kuziika pakhitchini asanalowe m'nyumba kukalira. Tsiku limenelo amayi a m'mudzi anabwera ndi zimene anali nazo. Wina timitengo ta chinangwa, wina makoko a malambe m'chitenje, wina mwendo wa mpando wothyoka. Ankaziika pansi mofulumira, osayang'ana munthu kumaso. Mulu wonsewo sukanapsereza ndi poto mmodzi yemwe wa nyemba. Komatu anthu ankangobwerabe, a ku Khuyu konkuno, a ku Yofu, a ku Chipyela, a kutchalitchi, ndipo zinamveka kuti maliro sayikidwa mpaka tsiku lachitatu, chifukwa abale ena a amayi mwera womwewo unawatsekereza kuchilumba china, ku Chizumulu.

Woyang'anira zophika anali amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, amene amakhala ku Yofu. Ndi munthu wa mawu amphamvu, wosachedwa kuganiza. Ine, monga mwana wamkazi wa malemu, malo anga anali m'nyumba, pamphasa pafupi ndi mutu wa amayi, pakati pa amayi a kutchalitchi amene ankaimba nyimbo. Namfedwa satuluka kukaona za kukhitchini.

Ndili pomwepo ndinamva nkhwangwa.

Poyamba mtima sunandipweteke. Ndinati ndi wa pakhitchini, nthawi yake inali itakwana kale, ndipo amayi akanavomera kuti nkhuni zawo ziphikire anthu owalira. Unagwa, nthambi zake zinakhudza denga. Koma nkhwangwa sinaleke. Mitengoyo ndinkaidziwa ndi makutu, malinga ndi kumene phokoso likuchokera. Wachiwiri unagwa. Wa kumpanda unagwa. Kenaka phokoso linasunthira kuthanthwe, ndipo silinachedwe, chifukwa wamanyazi unali woonda.

Pambuyo pake ndinamva chifukwa chake. Nkhuni zaziwisi siziyaka bwino, zimangofuka utsi n'kumalira madzi, ndiye pamafunika zambiri kuti moto ugwire. Anyamata odulawo anafunsa kuti adule ingati, ndipo wina anayankha kuti dulani yonse, malirowa ndi a mwini wake.

Masana ndinapempha kuti ndipite kuseri. Ndinapeza kuseri kwa nyumba yathu kuli mbee, thambo likuoneka pamene sindinalionepo. Zitsa zinali zokhadzulidwakhadzulidwa, zoyera ngati fupa. Koma chimene chinandiimitsa sichinali chimenecho. Moto wa pabwalo unkangozimitsidwa ndi mphepo, choncho amayi ophika anasamukira kuseri, kumene nyumba imatchinga mwera. Kumeneko anapeza zitsa zitatu zili pamzere, zotalika mofanana. Pachitsa chilichonse anagubuduzirapo miyala iwiri, chitsacho n'kukhala fuwa lachitatu. Mapoto atatu aakulu anali atakhala kale pamoto, ndipo malawi ankanyambita khungwa.

"Koma malemuwa analidi munthu wadongosolo," anatero mayi wina akutakasa nyemba. "Taonani, mpaka mafuwa anatikonzeratu."

"Akanatikonzeranso nkhuni zouma, maso athawa ndi utsi," anayankha mnzake, ndipo anaseka pang'ono, monga amachitira anthu pamaliro akatopa ndi kulira.

Mawu ndinali nawo, anayi okha: moto usayandikire chitsa, amayi. Anali pakamwa penipeni. Panthawiyo khungwa linali litangoyamba kuda mbali imodzi. Ndinayang'ana amayi onse aja, akuluakulu okhaokha, amene anasiya ntchito zawo kudzatumikira maliro athu, ndipo ndinaganiza kuti ndikalankhula aziti mwanayu amayi ake ali gone m'nyumba iye akulira mitengo.

Amayi aakulu anandiona.

"Mwana wanga, ukufuna chiyani muutsi muno? Njala?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndiye lowa, ukakhale ndi amayi ako. Anthu angati tikukugwiritsa ntchito."

Ndinalowa.

Tsiku lachiwiri sindinapite kuseriko. Utsi wa kesha wamuwisi unkalowa pazenera, wowawa, ndipo unakhala m'zovala zathu kwa masabata. Amayi oimba ankatsokomola pakati pa nyimbo. Ine ndinkangoyang'ana nsalu imene anafunditsa amayi, n'kumaganiza kuti akanakhala iwo akanatuluka, akanaseka nawo amayi aja, akanawatchula aliyense dzina la mwana wake, ndipo mapoto akanasuntha popanda wokhumudwa. Kwa iwo zikanakhala zopepuka ngati kupempha mchere.

M'mawa wa tsiku lachitatu mphepo inatsikako ndipo abale aja anafika. Anthu anachuluka kuposa masiku onse, moti anakabwereka poto wachinayi kutchalitchi. Anandiuza kuti ndikasambe kumaso tisanapite ku mapemphero. Nditafika kuseri ndi beseni langa ndinaona zitsa zitatu zija zitasanduka makala, ndipo amayi awiri akugubuduza miyala kupita kuthanthwe, kumene kunatsala chitsa cha wamanyazi.

Sindinaganize chilichonse. Ndinaika beseni pansi, ndinawapitirira, ndipo ndinakhala pachitsapo.

Chinali chosongoka, chinkandibaya. Ndinagwira mawondo anga n'kuyang'ana pansi.

"Iwe, tasuntha, tiikepo poto."

Sindinasunthe.

"Kodi mwanayu wamva? Mipando yatha m'nyumbamo?"

"Musiyeni kaye, chisoni sichisankha pokhala."

"Chisoni chakecho chikhale pathanthwepo, anthu adya chiyani pochokera kumanda?"

Amayi aakulu anabwera akupukuta manja. Anawerama n'kundigwira paphewa.

"Mwana wanga, usatichititse manyazi lero. Alendo ali pabwalo. Dzuka."

Misozi inkagwera pamapazi anga, koma sindinadzuke. Anayesa kundikoka dzanja, ine ndinagwira khungwa la chitsacho ndi dzanja linalo. Pamenepo anatuma munthu kuti akaitane atate kumene kunakhala abambo.

Atate anabwera atavala jekete lawo lakuda la kutchalitchi, limene linkawakulira chifukwa anali ataonda. Chiyambire maliro anali asanafike kuseriko. Anaima n'kuyang'ana zitsa zitatu zakudazo, chimodzichimodzi. Kenaka anayang'ana ine. Atatero anatembenukira kwa amayi aakulu.

"Alamu, potoyo muike pena."

"Pena pati, alamu? Mphepoyi simukuiona?"

"Ndikutchingirani."

Anapita kukhola la nkhuku, anazula lata la padenga ndi manja, jekete lili m'thupi, n'kuliimika pakati pa miyala chapatali ndi thanthwe. Amayi aja anayang'anana, kenaka anagubuduzira miyala yawo kumeneko. Palibe amene anafunsanso kanthu.

Onse atatembenukira kumoto, ndinatsika. Ndinathira madzi a m'beseni padothi, ndinakanya matope, n'kumata pamutu pa chitsacho. Panali patapita masiku awiri chidulireni, ndipo sindinadziwe ngati zithandiza. Kumaso sindinasambe. Ndinalowa m'tchalitchi kutsogolo kwa bokosi la amayi ndi matope m'zikhadabo, ndipo mayi wina amene sindimudziwa anandipukuta manja ndi chitenje chake, osandifunsa.

Anthu atabalalika tinatsala awiri, ine ndi atate. Ntchito ya moto inagwera ine.

Masabata oyamba ndinkathirira zitsa zonse zinayi. Ndinkatunga madzi kunyanja m'mawa, ndisanapite kusukulu. Pa zitatu zakudazo ndinkakanda ndi chikhadabo pansi penipeni, kufunafuna pobiriwira. Paliponse panali pouma, pofumbutuka ngati phulusa. Cha wamanyazi chinali chobiriwira pansi pa khungwa, koma sichinkaonetsa kanthu. Masiku a amayi, chitsa chinkayamba kutupa timaso mwezi usanathe. Ichi mwezi unatha, wachiwiri unatha, chili duu.

Mwera unapitirira mpaka Ogasiti. Pakhoma pamene pankaima nkhuni za amayi panalibe kanthu. Bwato likafika kuchokera kutsidya ndinkathamangira kugombe pamodzi ndi amayi a m'mudzi, ndipo poti sindidziwa kukankhana kapena kukuwa, nthawi zambiri ndinkapeza zotsalira. Masiku amene kunalibe bwato ndinayamba kupita kuphiri ndi atsikana anzanga. Kumeneko kulibe mitengo, kuli tizitsamba tofika m'chiuno. Tinkathyola, ndipo tikapeza kouma pang'ono tinkazula ndi mizu yomwe, chifukwa muzu umakhalitsa pamoto. Amayi ankati wozula muzu wadya mbewu. Ndinkadziwa, koma ndinkazula. Pobwerera, ndikacheuka, ndinkaona timaenje tofiira m'mene tadutsa, ndipo mvula itabwera dothi la m'menemo linatsikira kunyanja. Kusukulu ndinkafika mochedwa, manja akununkha utsi. M'kope langa masiku amenewo muli mizere iwiri kapena itatu yokha patsiku.

Tsiku lina atate anabwera kuchokera kunyanja n'kupeza ndikupemerera makoko a malambe, maso ali psuu. Anakhala pakhonde kwa kanthawi, kenaka anandiitana.

"Zitsa zitatu zija. Ukuona kuti zidzuka?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndikazikumba, udandaula?"

Atate anali asanandipemphepo chilolezo pa chinthu chilichonse. Ndinati kumbani. Anayamba ndi cha pakhitchini. Mizu yake inali itapita kutali, pansi pa khitchini mpaka kuseri kwa bafa, ndipo anakumba masana onse. Zitsa zitatuzo zinatiphikira pafupifupi mwezi. Zinkayaka bwino kwambiri, moto wabata wopanda utsi. Phala loyamba limene ndinaphika ndi chitsa cha pakhitchini ndinapatsa atate lonse, ine ndinati ndadya kale.

Mu Seputembala amayi aakulu anabwera kudzationa. Anayenda wapansi kuchokera ku Yofu atasenza mtolo wa nkhuni, ndipo atautula anakhala pamphasa n'kumasisita khosi. Atamwa madzi anayang'ana maenje atatu aja ndi chitsa chomatidwa dothi.

"Iwe, tandiuza. Tsiku lija unakhaliranji pachitsa? Ku Yofu anthu amandifunsabe. Ena akuti amayi ako anakulotetsa."

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga kope. Ndinatsegula tsamba lija n'kuwapatsa. Amawerenga pang'onopang'ono, akuloza ndi chala, milomo ikuyenda. Atafika pa mawu a moto anaima. Anawerenganso. Kenaka anaona chidindo cha chala pakona, ndipo anachikhudza.

"Ndiye kuti mitengo ija ikanaphukanso?"

Ndinagwedeza mutu.

"Yonse itatu?"

Ndinagwedezanso.

"Mayo ine." Anaika kope pamiyendo. "Mng'ono wanga ankandiuza za mitengo yakeyi, ine ndinkangoti ndi nkhani za anthu okhala ndi nthawi. Kwathu chitsa ndi chitsa, mtengo ukagwa watha." Kenaka anandiyang'ana. "Nanga iwe, tsiku loyamba lija unabwera muutsi muja. Ndinakufunsa kuti ukufuna chiyani. Bwanji sunanene?"

Ndinayang'ana kope lija pamiyendo pawo.

"Ukanangoti, amayi, chotsani motowo. Basi. Ine ndikanakumenya? Miyala yatha pachilumba pano? Tikanagubuduza wachitatu, nkhani n'kutha."

Sanalankhule mokalipa. Ankalira. Anandikokera pachifuwa pawo, ndipo ankanunkha thukuta ndi nkhuni. Koma funso lawolo ndinali nditadzifunsa kale tsiku lililonse, kuphiri, kugombe, m'kalasi, ndipo kulimva kuchokera pakamwa pa munthu wina kunandipweteka kuposa tsiku la maliro. Anyamata odula aja sankadziwa. Amayi ophika sankadziwa. Atate anali pabwalo ndi abambo. Pa anthu onse amene anadzaza pakhomo pathu, wodziwa amene anaona moto uja khungwa lisanapse ndinali ine ndekha.

Madzulo a tsikulo ndinalemba m'kope kuti: Ndinapha mitengo itatu ya amayi ndi pakamwa potseka. Mawa lake ndinafuna kufufuta, koma ndinasiya.

Okutobala anatentha kwambiri. Dothi la pachitsa linang'ambika, ndinamatanso. Ndinasiya kukanda khungwa poopa kuti ndikuchipweteka. Atate sankanenapo kanthu, koma ndinaona kuti akamatsuka nsomba, madzi ake ankakawathira pamenepo.

Mvula yoyamba isanagwe, m'mawa wina ndikuthira madzi, ndinaona kanthu kofiirira m'mbali mwa chitsa, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Ndinaganiza kuti ndi kachilombo. Ndinagwada. Tinali timaso ta mphukira, titatu. Pakutha pa sabata tinali tisanu ndi tinayi, kuzungulira chitsa chonse, timasamba tofewa topindika ngati dzanja la khanda. Sindinauze munthu tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri ndinagwira atate dzanja n'kupita nawo. Anayang'ana, anakhosomola, n'kunena kuti, "Wamanyazidi." Kenaka anapita msanga kukaona ukonde umene anali atauona kale.

Mvula itabwera mphukirazo zinakula mofulumira. Pofika Khirisimasi zinali zitandifika m'chiuno. Ndinkadziwa zimene zinalembedwa m'kope, ndipo ndinkadziwa kuti nthawi yake yapitirira. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Zinali zisanu ndi zinayi, zonse zamoyo, zonse zotuluka pachitsa chimene ndinachidikira miyezi isanu. Koma zinayamba kuonda. Zinkalimbirana dzuwa, zikutalika ngati udzu, ndipo mphepo ikawomba zinkagwerana.

Loweruka lina atate anandipeza nditaima pamenepo.

"Zikuoneka zofooka. Amayi ako ankatani zikafika apa?"

Ndikanatha kukatenga kope, monga ndinachitira ndi amayi aakulu. Ndinatsala pang'ono kutembenuka. Koma ndinanena ndi pakamwa.

"Ankasiya ziwiri. Zinazo ankathyola. Zonse zikakhala, palibe imene ikule."

Mawu anga anamveka achilendo, okwera kuposa mmene ndinkafunira.

"Ndiye ukudikira chiyani?"

"Thyolani inuyo, atate."

"Ine ayi. Ine ndimadula ngati ndikulimbana ndi ng'ona."

Anayesa kuseka, koma sizinatheke. Anakhala pathanthwe, pamene ndinkakhala ine ndi kope langa, n'kundidikira.

Ndinazungulira chitsacho kawiri. Ndinasankha imodzi ya kum'mawa, yonenepa kuposa zonse, ndi ina ya mbali ya kuthanthwe, yotulukira pansi kwambiri, chifukwa amayi ankati yapansi imagwira zolimba. Zinazo ndinazithyola imodziimodzi, ndikukanikiza ndi chala chachikulu patsinde monga ankachitira iwo. Zinkathyoka mosavuta, ndi kaphokoso kakang'ono, ndipo m'manja mwanga munatsala fungo lomwe lija la masiku a maliro. Nditamaliza, chitsacho chinaoneka chamaliseche, timitengo tiwiri tokha tikugwedezeka.

Ndinakanya dothi n'kumata mabala onse asanu ndi awiri.

"Chaka chamawa wodula ndi uti?" anafunsa atate.

"Palibe."

"Chinacho?"

"Palibenso. Mpaka zaka zinayi. Mwina zisanu, poti uwu umachedwa."

Anawerenga ndi zala, ndipo ndinadziwa kuti akuona zimene ndinkaona ine, kuti pamenepo ndidzakhala nditamaliza Fomu 4, ndipo miyezi ya mwera ya zaka zonsezo tidzaidutsa ndi nkhuni za m'bwato ndi makoko a malambe.

"Tidikira," anatero. "Koma kuphiri kuja usapitenso kukazula. Bwato likafika ndizipita ndine. Ine kukankhana ndimatha."

M'maenje atatu aja tinabzalamo mbewu za kesha zimene amayi aakulu anatitumizira kuchokera ku Yofu, zokulungidwa m'kapepala ka shuga. Ziwiri zinamera, imodzi inakana. Zikadali zazifupi kuposa bondo langa, ndipo sindidziwa ngati zipirire chilimwe.

Mphukira zisanu ndi ziwiri zija sindinataye. Ndinaziyanika pathanthwe, ndipo zitauma zinangokwana dzanja limodzi. Zinawiritsa tiyi wa m'mawa umodzi, wa ine ndi atate. Tinamwa titakhala kuseri, pamene kale panali mthunzi, dzuwa likutiwomba kumaso.